Mukuti mukufuna masters ya zachipatala, nanga funso lanu ndi loti chani?

Loweruka lapitali ndinali pa depoti kuperekeza mwana wa achemwali anga, amakwera basi ya usiku ya ku Blantyre kukafunsa za masters, ngakhale ndinamuuza kuti masiku ano zambiri umangopanga pa intaneti iye amvekere ayi amalume ndikufuna ndikawaone maso ndi maso anthuwo. Mtsikanayu ali ndi digiri ya za labu, wagwira zaka zitatu pa chipatala china kuno kumpoto, kuyeza magazi, makhololo, mikodzo, zonse zija enafe sitifuna olo kuziyang'ana. Tili chiimire pamenepo, kamvula kowaza kathu ka pa Mzuzu kakutilowa mpaka m'mafupa, ndinamufunsa kuti kodi iwe ku masters ukupitako ukufuna ukafufuze chani. Anaseka.

"Amalume inunso, topiki amakupatsa konko. Ine ndikungofuna pepala ndichoke pa benchi basi."

Yankho limenelo landikhala pamtima sabata yonse. Sikuti mwanayu ndi wogona ayi, pa banja pathu mutu ndi yemweyu, koma wangonena poyera zomwe anzake ambiri amanena akakhala okhaokha. Ndiye ine ndinene zanga pano, okwiya akwiye: munthu amene akupita ku masters kapena PhD ya sayansi ya zachipatala alibe funso lomwe likumuvutitsa, lomwe analitola yekha mu wodi kapena mu labu, akukataya ndalama ndi zaka, ndipo dziko silipindulapo kanthu kupatula chithunzi cha gauni pa Facebook.

Ambiri amaiona masters ngati ndi kalasi yotsatira, ngati mmene umachokera Fomu 3 kulowa Fomu 4. Sizili choncho. Digiri yoyamba amakuphunzitsa zomwe ena anapeza kale, uloweze, ulembe mayeso, ukhoze. Yachiwiriyi amakuphunzitsa kapezedwe ka chinthu chomwe sichinalembedwe m'buku lililonse. Inde chaka choyamba mumakhala m'kalasi, epidemiology (kafalidwe ka matenda), biostatistics (masamu a zaumoyo), njira zochitira kafukufuku, ndipo apa pokha ambiri amene ankathawa masamu ku sekondale amakumana nawo ali ndi ndevu. Koma ntchito yeniyeni imayamba ukalemba proposal, kuipititsa ku komiti yoona kuti kafukufuku asapweteke anthu, kaya ndi COMREC ku Blantyre kaya NHSRC ya ku unduna, iwo n'kukubwezera kuti konza apa ndi apa, kalata yopempha chilolezo kwa wodwala uilembenso m'Chitumbuka chomveka, ukatero ukatolere data, uisanthule, ulembe thesis, ipite kwa examiner wa ku sukulu ina amene sakukudziwa ndipo alibe nawe chisoni, kenako ukaime pamaso pa madokotala ndi mapulofesa kuyankha mafunso. Ulendo wonsewu palibe amene amakuimbira belu kuti lowa m'kalasi. Chomwe chimakudzutsa folo koloko m'mawa kuzizira kwa June kuli pheee, magetsi atathima laputopu yatsala 20 pelesenti, ndi kufuna kudziwa yankho. Ngati kufunako palibe umangotembenuka n'kufunda bulangete.

Apa ndikunena za ma masters a MSc, MPH ndi MPhil, komanso PhD. MMed ya madokotala ndi nkhani ina pang'ono, iwo zaka zinayi amakhala ali mu wodi ndi mu fiyeta momwemo kuphunzira ukatswiri wa opaleshoni, wa ana, wa amayi, ndipo amenewo kuno kumpoto tikuwafuna dzulo. Komabe nawonso pamapeto pake kafukufuku amawadikira.

Ndikulankhula ngati munthu amene anapsa nazo. Inenso ndinayambapo masters pa yunivesite ina, dzina tisiye, ndalama zanga zomwe, zina ngongole ya ku banki m'khonde ya mayi a kunyumba. Topiki anandipatsa supavaiza, ndinangoti yewo bwana. Inali ija aliyense amapanga, amati KAP, kuzungulira ndi mapepala kufunsa anthu zomwe akudziwa, zomwe akuganiza ndi zomwe amachita pa matenda akutiakuti. Yankho ndinkalidziwa ndisanatuluke m'nyumba: anthu akudziwa koma sakutsatira, pakufunika kuwaphunzitsa. Ndani sadziwa zimenezo? Supavaiza uja anapita kunja, imelo osayankha miyezi isanu, ine m'malo modandaula ndinkamva kupepukidwa, ndiye pamenepo muone kuti mtima wanga sunalipo. Ndinamaliza mochedwa ndi zaka ziwiri. Bukulo lili pa shelefu, olo ine mwini wake sindinalitsegulenso, ndipo palibe wodwala m'modzi amene anachira msanga chifukwa cha ilo. Supavaiza anali ndi mbali yake, koma kulakwa kwakukulu kunali kwanga, ndinapita kumunda ndilibe mbewu.

Tisaiwale kuti m'dziko muno maphunziro amenewa ndi achichepere. Daniel Malekebu anakaphunzira udokotala ku Meharry ku America, Kamuzu naye anamaliza konko mu 1937, ndipo kwa zaka zambirimbiri aliyense wofuna udokotala ankachita kupita kunja kwa dziko. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, pano ndi yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kuchokera 2021 ataiphatikiza ndi Kamuzu College of Nursing. Mzuni yathu pa Luwinga apa inalandira ophunzira oyamba mu 1999. Ndiye anthu amene ali ndi luso lofufuza za matenda akadali ochepa, malo a masters ndi ochepa, masupavaiza ndi ochepa kuposa pamenepo. Mpando uliwonse wokhalidwa ndi munthu wongofuna pepala ndi mpando womwe wina wa funso lenileni waumanidwa.

Ndipo musamve ngati funso lochokera mu wodi ya ku Malawi ndi kanthu kakang'ono. Amene tinakula m'ma 80 tikukumbukira chloroquine, kuwawa kwake ndi kuyabwa kuja thupi lonse. Anthu a zaumoyo anaona kuti ana akumwa mankhwala koma malungo osachoka, anayeza, anawerenga, ndipo mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar. Chodabwitsa n'choti patapita zaka zoposa khumi ofufuza ku Blantyre anapeza kuti tizilombo tayambanso kufa ndi chloroquine yemwe uja, chifukwa tija tosamva mankhwala tinatha mphamvu titasiya kutiputa, nkhani yomwe asayansi dziko lonse anaitchera khutu. Kenako mu 2007 tinalowa mu LA tikumwa panoyu. Pa chipatala cha Queens ku Blantyre komweko, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor ndi anzawo anafuna njira yachidule yodziwira kuti mwana wakomoka kufika pati ndi malungo a m'bongo, mwana woti sanayambe kulankhula sungamufunse dzina lake, ndiye anakonza kayezedwe kongoona maso, kulira ndi mmene akuthawitsira dzanja ukamutsina. Mpaka lero madokotala m'maiko ambiri amati Blantyre Coma Score, dzina la tauni yathu lili m'mabuku awo. Funso linapitirira, nanga kwenikweni chimawapha anawa n'chani, mpaka mu 2015 atagwiritsa ntchito makina a MRI anaonetsa kuti ubongo umatupa kwambiri mpaka kupanikiza malo oyendetsa kupuma.

Koma chitsanzo chomwe ndimachikonda ine ndi Option B+ ya 2011, chifukwa inabadwa mu umphawi wathu weniweni. Malangizo a nthawi imeneyo ankafuna kuti mayi woyembekezera amene ali ndi HIV ayezedwe kaye CD4, kuchuluka kwa asilikali a m'thupi, kuti adziwe mankhwala omupatsa. Nanga pa helesi senta ya kumudzi makina a CD4 ali kuti? Magazi apite kuboma, zotsatira zibwere mayi atachira kale. Anthu a kuno anati bwanji mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka nako kachilombo angoyamba ma ARV moyo wake wonse osadikira CD4. Ena kunja anakayika, koma posakhalitsa WHO inatengera njira yomweyo n'kuuza maiko ena. Maganizo amenewo sakanachokera kwa munthu amene sanaonepo mayi akubwerera kumudzi chimanjamanja.

Wina anena kuti zonsezo ndi za ku Blantyre ndi Lilongwe, kuno kumpoto kuli chani. Tsikani Chiweta mufike pa Chilumba. Kuyambira 1979 kumeneko kwakhala kafukufuku amene anayamba ndi matenda a khate, wotchuka ndi dzina la Karonga Prevention Study, pano ali pansi pa bungwe la kafukufuku la MEIRU. Anthu ankayenda khomo ndi khomo kulemba mabanja, kuyeza khungu, kutsata anthu omwewo zaka ndi zaka. Ndi ku Karonga komweko kunapezeka kuti katemera wa BCG, uja anatisiyira chipsera pa mkono, amateteza ndithu ku khate koma pa TB ya m'mapapo mwa akuluakulu sanaonetse mphamvu, zomwe aliyense wofuna kupanga katemera watsopano wa TB amayenera kuzidziwa. Sayansi yoteroyo inachitika pa malo pomwe ambiri a m'tauni amangoimapo kugula nsomba.

Nanga ku Rumphi? Midzi yozungulira Vwaza anthu akhala akulumidwa ndi kashembe n'kudwala kaodzera, mtundu wake uja wothamanga, wopha m'miyezi yochepa. Mankhwala akale a matenda akafika ku ubongo, melarsoprol, ali ndi arsenic, obaya mu mtsempha, owawa, ndipo ena ankafa ndi mankhwalawo osati matenda. Mapilitsi a fexinidazole anayesedwa pa odwala a ku Rumphi ndi ku Uganda, ndipo kumapeto kwa 2023 anavomerezedwa kuti angathe kugwira ntchito pa mtundu umenewu. Ndiye musandiuze kuti kumpoto kulibe chofufuza.

Chomwe chimandiwawa ine ndi china. Kangati taona ma cooler box akukwezedwa mu Land Cruiser, magazi a agogo athu ndi ana athu akulowera Chikangawa kupita kumwera, ena mpaka kukwera ndege? Amene anabaya singano, kulemba nambala pa kabotolo, kunyengerera mayi wokana m'chilankhulo chake, ndi mnyamata kapena mtsikana wa kuno. Koma pepala likatuluka dzina lake lili kumapeto kwenikweni m'mawu othokoza, mwinanso mulibe. Ena amati ndi tsankho, ndipo nthawi zina lilipo. Koma mbali ina n'njoti amene amalembedwa patsogolo ndi amene anabwera ndi funso ndipo akudziwa kusanthula manambala. Masters yabwino ntchito yake ndi imeneyo, kukuchotsa pa kunyamula cooler box ya funso la mwini wake. Ukapitako wopanda funso lako ubwerako uli wonyamula bokosi yemwe uja, kungoti pano wavala jekete.

Tsopano ndimve mbali ya mwana wa achemwali angayo, chifukwa ali ndi mfundo ndipo sindikufuna kuoneka ngati mdala wokhuta akuuza anjala kuti asale kudya. Malipiro a pa benchi ndi ochepa, lendi ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa ikukwera chaka chilichonse, kwacha inagwa ndi 44 pelesenti mu November 2023 ndipo zinthu sizinabwererenso. Mnzake amene anapanga MPH ali ku bungwe, akuyenda pa galimoto ya ofesi, iye akadali pa kabaza. Funso silidyetsa ana, amatero. Zoona. Munthu kufuna moyo wabwino si tchimo.

Koma taonani mmene zinthu zatembenukira. Njira ija ya pepala kenako bungwe inkayenda pomwe ndalama za ma donor zinkasefukira. Kuyambira January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lambiri lakunja, mapulojekiti atsekedwa, anthu a ma masters awo ali pakhomo kutumiza ma CV. Pa ntchito imodzi ofunsira ali mulu, onse mapepala ofanana, thesis zofanana, KAP yokhayokha. Amene akusiyana ndi anzake ndi uja angathe kutsegula pulogalamu ya pa kompyuta ya Stata kapena R n'kusanthula data payekha, amene anatulutsapo pepala mu journal (magazini ya asayansi), amene ukamufunsa za chinthu chake amalankhula mpaka umuletse. Ndiye olo mutaiwerengera pa ndalama zokhazokha, masters ya funso ndi imene ikugula pa msika pano. Ma scholarship nawonso, kaya Commonwealth, Beit, Chevening, DAAD, fomu yawo penapake imakufunsa kuti ukufuna ukathetse vuto lanji kwanu, ndipo owerengawo aona makalata ambiri oyamba ndi zoti kuyambira ndili mwana ndinkafuna kuthandiza anthu, amadziwa kusiyanitsa.

Kupita kunja sindikutsutsa, pitani, kuli makina ndi malaibulale omwe kuno kulibe. Chevening imachita kukulamula kuti ubwerere kwanu zaka ziwiri. Nkhani ndi yoti ukubwerera ku chani, ndipo apa ndiye achinyamata ndiwasiye kaye ndiloze chala akuluakulu olemba ntchito. Munthu wapita, waphunzira kuyeza majini a tizilombo, wabwera ndi moto, mukumubwezera pa giredi yomwe ija ngati sanapite kulikonse, kapena mukati mwamukweza ndiye kuti mwamuchotsa mu labu kumupatsa ofesi, ntchito yake kusaina mafomu ndi kupita ku ma workshop ku Mponela. Katswiri wa tizilombo akuthera pa kukangana za alawansi ndi mafuta a galimoto! M'zipatala zathu kukwera kumatanthauza kutalikirana ndi wodwala, ndiye mukudabwa chani mwana akamati ndikufuna pepala ndichoke pa benchi? Anaphunzira kwa inu. Bwenzi pali njira yoti munthu akwere giredi ndi malipiro ali pa maikulosikopu pomwepo, ali ndi tsiku limodzi pa sabata la kafukufuku, bwenzi ambiri osathawa. Ndipo tchuthi chokaphunzira chisamakhale ngati mphatso yopatsa okondedwa, wina kudikira zaka pomwe wina wangobwera kumene wapita kale.

Mayunivesite nawo atiganizire a kumpoto. Munthu wa pa ntchito, wa banja, kuti akakhale m'kalasi ku Blantyre ndi usiku wathunthu pa basi, malo ogona, chakudya, kusiya ana. Mzuzu Central yakhala ikulandira odwala ochokera Chitipa mpaka Mzimba ndi Likoma kuyambira 2000, pali St John's, St John of God pa za matenda a maganizo, Ekwendeni pafupi pompa, Mzuni ili ndi anamwino, a labu ndi a maso. Zipangizo zophunzitsira munthu kufufuza ali konkuno zilipo, chofunika ndi kugwirana manja kuti wophunzira azipita kumwera mwa apo ndi apo koma kafukufuku wake, ndi m'modzi mwa masupavaiza ake, akhale kuno.

Mafunsowo ndiye ali mbwee, angoti kuwatola. Maregista a zaka ndi zaka ali m'makabati akudyedwa ndi chinyezi, palibe anawawerengapo mofatsa. BP ndi shuga zomwe tinkati ndi matenda a mabwana pano zili m'mudzi, ndani akutsata kuti oyamba mankhwala amapitiriza mpaka liti ndipo amasiyiranji? Ngozi za njinga zamoto zadzaza wodi ya mafupa. Amoxyl ndi bactrim anthu akugula ngati maswiti, kumwa masiku awiri n'kusiya, nanga tizilombo ta m'mikodzo ndi m'magazi kuno tikumvabe mankhwala ati? Likodzo m'mbali mwa nyanja, khansa ya khomo la chiberekero yomwe Malawi ili m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri, kolera ija ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 ndipo Nkhata Bay inaiona polekera. Namwino kapena clinical officer aliyense amene wagwira zaka zitatu ali ndi chinthu chomwe chimamudabwitsa, kungoti palibe anamuuzapo kuti kudabwako ndiye poyambira.

Ndipo mukapeza funso, supavaiza musankhe ngati mukusankha banja lokwatirako, kufufuza kaye. Dzina lalikulu si kanthu ngati munthuyo amakhala m'ndege. Funsani amene anadutsa m'manja mwake, anamaliza angati, zinawatengera zaka zingati, draft amabweza pakapita nthawi yaitali bwanji. Za masukulu a pa intaneti olonjeza masters m'miyezi isanu ndi umodzi, yambani mwafunsa ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ngati pepalalo lidzagwire ntchito kuno musanatumize olo 1 tambala.

Lachitatu usiku mtsikana uja anandiimbira, ali ku Blantyre kwa mnzake. Fizi yamuopsa, imeneyo ndinkayembekezera. Kenako tikucheza anangoti, "Koma amalume, zomwe munandifunsa zija. Pali kanthu kamandidabwitsa ku ntchito, nthawi zina mwana kachida koyezera malungo mwachangu kaja kakuti alibe, koma ndikaika magazi omwewo pa maikulosikopu tizilombo ndikutiona." Akuti wakhala akulemba mu hadikava yake yakeyake kuyambira chaka chatha, tsiku, mudzi, zomwe waona, popanda womutuma, ndipo sanauzepo munthu poopa kuti amuseka kapena amunena kuti sadziwa kuyeza. Ndinamuuza kuti zifukwa zingakhale zingapo, zida zosungidwa potentha, tizilombo tochepa m'magazi, mtundu wina wa malungo, komanso kuti ku Eritrea anachita kusintha zida zoyezera atapeza tizilombo tosatulutsa chinthu chomwe kachidako kamafunafuna, ndiye hadikavayo asaitaye ndipo akaioneste kwa aphunzitsi akukawaonawo.

Anakhala chete pang'ono n'kunena kuti pepalalo akulifunabe, ndisaganize kuti ndamutembenuza. Kenako anandipempha ya basi yobwerera, akuti ya ulendo wopita ija inathera m'ma minibasi a ku Limbe.